Nsidze za Chigayo

Pulani yonse inabadwira m'bala, dzuwa likuswa mtengo, pa tebulo la pakona logwedera lija. Nthawi imeneyo anthu olongosoka amakhala ali ku ntchito, koma magaye atatu awa ntchito yawo inali yodikira kuti ena agwire ntchito kaye.

Mtsogoleri anali Mapulani, kamunthu kochepa thupi kosavula jekete ngakhale kunja kutenthe chotani. Chiyambireni anali asanabepo chinthu n'kufika nacho kunyumba chili chathunthu, koma kalankhulidwe kake mukanati anaswapo banki. Wachiwiri anali Kadzidzi, mlonda wa gululo, wa maso aakulu otong'oka, amene vuto lake linali limodzi lokha basi, loti ukamuimika pakhomo ankagona choimirira. Wachitatu anali Chigayo. Dzinali anamupatsa ponena kuti munthu akalowa m'manja mwake amatulukamo ali ufa. Chinali chimunthu chachitali, cha mapewa odzaza khomo, ndipo nkhope yake inali yoti ana akaiona ankasiya kulira n'kuyamba kupemphera.

Komatu chimunthu chimenechi chinali ndi bala mumtima. Mkazi wake anali atalongedza zovala n'kupita kwa achemwali ake, atatopa ndi mwamuna wotuluka m'mawa chimanjamanja n'kubwera madzulo atanyamula mlandu. Foni sankayankha. Ngakhale asanachoke, panali patapita nthawi yaitali asakumuyang'ana kumaso. Akamalankhula naye ankayang'ana khoma, kapena poto, kapena zala zake. Zimenezi zinkamupweteka Chigayo kuposa chibonga cha wapolisi, kungoti sankauza munthu.

"Magaye, tcherani khutu," anatero Mapulani akugogoda tebulo ndi botolo. "Takhala tikuzunzika ndi mabatire a galimoto, zinthu zolemera, zoboola mathalauza. Chuma chenicheni n'chopepuka. Mukuidziwa saluni yoyandikana ndi sitolo ya mankhwala ija?"

"Ya magalasi akuda ija?" anafunsa Kadzidzi.

"Yomweyo. M'menemo muli mawigi, aise, tsitsi la munthu weniweni. Limodzi lokha ukhoza kugulira njinga yamoto. Muli makina oumitsira tsitsi, muli mafuta onunkhira. Lamulungu satsegula. Ife tilowera kuseri masanasana, tilongedza, kenako titsegula khomo lakumaso n'kutuluka mwaulemu ngati anyamata osamutsa katundu. Zozemba mumdima n'za mbava zosaphunzira."

"Nanga m'katimo tikudziwamo?" anafunsa Chigayo. "Amunatu salowamo. Ngakhale amuna a makasitomala enieniwo amadikirira panja."

Mapulani anamwetulira kumwetulira kwa munthu amene funsolo ankalidikira. "Kasitomala amalowa. Ndafufuza kale ine. Ndinafunsa mayi wina akutuluka kuti chimene chimatenga nthawi yaitali m'menemo n'chiyani, akuti kumata nsidze. Munthu umakhalamo mpaka matako kuchita dzanzi. Ndiye taganizani, nthawi yonseyo maso ali yuu, ukuona pamene pali mawigi, pamene pali loko, pamene pali khomo lakuseri. Ubongo uwu, magaye, ubongo!"

"Dilu yabho," anatero Kadzidzi. "Ndiye akamata ndani?"

Mapulani anati iye sangapite chifukwa nkhope yake ndi yodziwika m'tauni, ngakhale omwe ankaidziwa anali apolisi awiri ndi mayi wa lendi. Kadzidzi akanakangogona. Onse awiri anatembenukira kwa Chigayo.

"Ine? Nsidze?"

"Ukanene kuti waluza beti. Ukangogona pamenepo n'kumaponya maso. Ntchito yophweka kuposa imeneyi sudzaipezanso."

Mawa lake Chigayo analowa mu saluni chowerama kuti mutu usagunde pamwamba pa chitseko. Macheza onse anaduka. Mwini saluni, amene aliyense ankangomutchula kuti Madamu, anali mayi wathupi lake, wa magalasi pamphuno, amene maso ake anali ataona zambiri.

"Bambo, mwasochera. Ometa ali kutsidya kwa msewu."

"Ndabwera kudzamata nsidze," anatero Chigayo akuyang'ana pansi. "Ndaluza beti."

Madamu anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, kenako anakweza mapewa. "Ndalama ya kasitomala ilibe ndevu. Gonani apa."

Anamugoneka chagada pa kabedi kopapatiza, miyendo n'kutsalira m'malere. Chigayo anakumbukira ntchito imene anabwerera ndipo anayamba kuponya maso. Anaona denga loyera. Anaona nyale yozungulira ili pamwamba pa nkhope yake. Akuti azitembenuza khosi kuti aone mawigi, Madamu anamugwira chibwano, n'kumumata timapepala toyera m'munsi mwa maso.

"Tsopano tsinzinani. Musatsegule mpaka nditanena. Mukatsegula, fungo la guluuyu likulumani m'maso, mulira ngati khanda."

"Nditsinzine nthawi yonse?"

"Nthawi yonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha, bambo. Ndimamata imodziimodzi, iliyonse pa nsidze yanu yeniyeni."

Umu ndi mmene kazitape wa gulu la Mapulani anazondera saluni, ali gone, maso ali tseke. Poyamba mtima unkamuwawa. Koma zala za Madamu zinali zopepuka, zikumukhudza m'zikope mwaulemu ngati akuopa kumudzutsa, ndipo Chigayo anayesa kukumbukira munthu womaliza amene anamugwira kumaso popanda kumumenya. Anafika mpaka kwa malemu mayi ake. Posakhalitsa saluni yonse inali kunjenjemera ndi mkonono.

Atamudzutsa n'kumupatsa kalilole, Chigayo anakhala kukamwa kuli yasa. Nkhope inali yomwe ija, mphuno yophwanyika yomwe ija, chipsera chomwe chija, koma pakati pa bwinja limeneli panali maso awiri ofatsa, a nsidze zazitali zopindikira m'mwamba. Anaphethira kamodzi, ndipo mayi wina amene ankalukitsa tsitsi anawomba m'manja.

"Bambo inu muli ndi maso okongola," anatero Madamu. "Kungoti anabisala. Ndikujambuleni ndiike pa tsamba la saluni la pa intaneti?"

Mbava yanzeru ikanakana. Koma Chigayo chibadwire palibe amene anali atamuuzapo kuti ali ndi kanthu kokongola, ndipo anangogwedeza mutu, n'kumwetuliranso pang'ono pojambulidwa.

"Tsopano mvetserani, kuti zikhalitse," anatero Madamu akumupatsa kaburashi kakang'ono ngati chala cha mwana. "Lero ndi mawa zisakhudze madzi. Nthunzi ayi, osasuzumira m'poto wowira. Mafuta odzola asafike m'zikope, amasungunula guluu. Osatikita m'maso, osazikoka, osavala chilichonse chozipanikiza. Pogona muzigona chagada. M'mawa uliwonse muzizipesa ndi kaburashi aka, kuchokera pansi kupita m'mwamba. Mukasamala zikhala masabata angapo. Mukachita chibwana sizifika ndi Lamulungu lomwe."

Ku bala anampeza Mapulani ataguliratu mowa wa chikondwerero.

"Tiuze, dolo. Waona chiyani?"

"Denga."

"Denga?"

"Ndi loyera. Pali nyale yozungulira."

"Nanga mawigi? Nanga loko?"

"Amamata utatsinzina, akulu."

Mapulani anavula jekete, chinthu chimene palibe amene anali atachionapo, n'kulivalanso. Kadzidzi sanamve n'komwe zimene zinkakambidwa, maso ake anali pa Chigayo.

"Koma zakukhala, aise," anatero motsitsa mawu. "Taphethiranso."

Mwamwayi makutu samatidwa. Chigayo anakumbukira kuti asanagone anamva Madamu akudandaula kuti loko wa khomo lakuseri anathyoka, kalipentala akungolonjeza, ndiye akumangotchinga ndi chidebe cha mopu. Mapulani anatsitsimuka nthawi yomweyo, n'kunena kuti iye anadziwa kale kuti kazitape weniweni amagwira ntchito ndi makutu.

Apa m'pamene foni ya Chigayo inalira. Ataona dzina la woimbayo anatuluka panja kukaimirira pafupi ndi makireti. Asanamve mawu anamva kuseka. Kunali kuseka kwa mkazi wake, kuja kothera m'chifuwa, kumene anali atakuiwala kamvekedwe kake.

"Bambo, ndi inu pa chithunzipa, kapena achita kukonza?"

"Ndine, mayi."

"Achemwali agwa pampando ndi phwete. Ine ndakhala ndikuchiyang'ana chiyambire masana." Anasiya kuseka pang'ono. "Sindinkadziwa kuti maso anu ndi otere. Ayi, izi ndikufuna ndidzazione ndekha. Lamulungu madzulo ndibwera. Musazichotse, mwamva?"

"Sindichotsa, mayi. Muzipeza zili momwemu."

Kuyambira tsiku limenelo moyo wa Chigayo unali wa nsidze basi. Posamba ankayambira m'khosi kutsika, nkhope n'kumangoipukuta mozungulira ndi kansalu. Kuphika anasiya, kuopa nthunzi, ankangodya buledi ndi zoziziritsa kukhosi. Pamsewu ankayenda pang'onopang'ono ngati mkwati kuti asatuluke thukuta, atafunda ambulera ya maluwa imene mkazi wake anaisiya. Njinga yamoto sankakweranso chifukwa cha mphepo. Pogona ankaika njerwa zokulunga m'matawulo uku ndi uku kwa mutu kuti asatembenuke kutulo, ndipo m'mawa mulimonse ankakhala pakhonde ndi kalilole wosweka, chimunthu chonse chija, chikupesa nsidze ndi kaburashi. Aneba ankaseka mobisa, chifukwa kuseka Chigayo poyera kunkafuna munthu wokonzeka kugona m'chipatala. Iye sankasamala. Anasesa nyumba, anachapa makatani, anakonzanso mwendo wa mpando umene mkazi wake ankakonda kukhalapo. Anali wosangalala, ndipo mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma ndani akanamuuza?

Lamulungu linafika kuli dzuwa loopsa. Atatuwo anakumana m'kanjira ka kuseri kwa saluni, pakati pa mabini a zinyalala, ndipo Mapulani anatulutsa m'jekete masokosi aatali a azimayi.

"Aliyense avale kumutu."

"Ine ayi," anatero Chigayo. "Madamu anati osavala chilichonse chozipanikiza."

"Madamu ndi amene tikumuberawo, chitsiru iwe!"

"Komabe pa nkhani ya nsidze amadziwa."

"Nkhope yako ili pa foni ya mzimayi aliyense m'tauni muno. Munthu akangokuona pawindo, tathera pomwepo."

"Ndiye tipite tikabe sabata yamawa. Lero mkazi wanga akubwera."

Mapulani anakwera pa bini mwakachetechete ngati akufuna kusuzumira pampanda, ndipo Chigayo atangotembenuka, anamudumphira kumsana n'kumukokera sokosi kumutu mpaka m'chibwano. Kenako anakankha chitseko, chidebe cha mopu chinagubuduka, onse atatu n'kugweramo.

M'katimo munali chimdima chifukwa cha magalasi akuda aja. Kadzidzi anapita kukachotsa mpiringidzo wa khomo lakumaso monga mwa pulani, n'kuima pamenepo kulondera. Mapulani anayamba kuponya mawigi m'thumba akuimba kanyimbo. Koma Chigayo anali atavula sokosi, ali chilili kutsogolo kwa kalilole wamkulu, akudziwalitsa ndi foni. Diso lakumanja linali bwinobwino. Lakumanzere linali ngati nkhuku yosoledwa theka, ndipo nsidze zothothokazo zinali zitakakamira m'kati mwa sokosi.

Kulira kumene kunatuluka m'chifuwa mwake kunagwetsa thumba m'manja mwa Mapulani.

"Taona zimene wachita!"

"Aise, tinyamule katunduyu, ndikakugulira nsidze zodzaza beseni."

"Akubwera madzulo ano. Anati ndisazichotse. Ndinamulonjeza." Chigayo anagwira Mapulani pa kolala ya jekete n'kumunyamula mpaka mapazi anasiyana ndi pansi. "Chiyambireni sindinamusungirepo lonjezo ndi limodzi lomwe. Ili lokha ndisunga. Wathothola ndiwe, umata ndiwe. Zipangizo zonse zili muno."

Atatero anamutsitsa, n'kukagona chagada pa kabedi kaja, manja pachifuwa, maso tseke. Mapulani anayang'ana makina oumitsira tsitsi, amene iye ndi Kadzidzi sakanatha ngakhale kuwasuntha, kenako anayang'ana chimunthu chili pabedicho. Anaona kuti njira yachidule yotulukira mu saluniyo inali yodzera pa zikope za Chigayo.

"Chabwino. Ntchito yomata timatsitsi ingandikanike ine? Kadzidzi! Bwera uyatse nyale iyi, sindikuona kanthu."

Kadzidzi anasiya khomo n'kubwera. Nyale inakana kuyaka. Anafufuza m'makoma mpaka anapeza kabokosi ka magetsi kuseri kwa katani, ndipo posadziwa kuti switchi ya nyale ndi iti, anakweza zonse. Nyale yozungulira inayaka. Magetsi a kudenga anayaka, mafani anazungulira, wailesi inayamba kuimba nyimbo zachikondi, ndipo kunja, pamwamba pa khomo, chikwangwani chofiira chouza anthu kuti saluni ndi yotsegula chinayamba kuthwanima. Ichi chokha atatuwo sanachione, poti anali m'kati.

Mapulani anakoka kabati ya zipangizo. Anapeza timabokosi ta nsidze, kachitsulo kopanira, ndi mabotolo awiri a guluu. Lina linali kabotolo kakang'ono kwambiri, moti iye anakanyoza. Linalo linali lokulirapo, lojambulidwa dzanja la zikhadabo zofiira.

"Ukufuna zikhalitse, eti?"

"Zikhalitse, akulu."

"Madamu wako uja amakupusitsani ndi kaguluu kofooka kuti muzibwererabwerera. Bizinesi imeneyo. Ine ndikuikira wa zikhadabo. Chikhadabo chimachapa, chimakanda, chimatsegula mabotolo, koma sichichoka. Nsidze izi udzapita nazo kumanda."

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma Mapulani chibadwire anali asanafunsepo munthu kanthu. Zomata imodziimodzi anaona kuti n'zotaya nthawi. Anathira guluu mzere wonse wa chikope ngati akumata nsapato, n'kuunjikapo nsidze chibulu. Kenako, pofuna kuti mbali zonse zilimbe mofanana, anathiranso ku diso labwinobwino lija.

"Odi kuno! Eee, mwayamba kutsegula Lamulungu?"

Pakhomo panali mayi wovala za kuphwando, tsitsi lili nyankhalala. Kumbuyo kwake kunali wina wonyamula chikwama, ndipo wachitatu ankawoloka msewu akuitana mnzake. Kadzidzi, atagwira nyale, anayang'ana Mapulani. Mapulani anayang'ana thumba la mawigi, n'kulikankhira pansi pa bedi ndi phazi.

"Takulandirani, amayi," anatero ndi mawu opyapyala. "Khalani pabenchipo. Ndife antchito atsopano."

"Nanga sokosi kumutuko?"

"Ukhondo, amayi. Lamulo latsopano."

Posakhalitsa benchi inadzaza. Azimayi aja anavula nsapato, ena anatsegula magazini, wina anatuma Kadzidzi kuti amubweretsere madzi akumwa, iye n'kubweretsadi. Ndipo poti munthu wodikira sasowa chonena, onse anayamba kuonerera ntchito ya Mapulani.

"Achimwene, simunamuike timapepala m'munsimo."

"Ndi njira ya kunja imeneyi, amayi."

"Koma zikupendama. Zakumanzerezo zaloza kukhutu."

"Akulu, zikupendama?" anafunsa Chigayo ndi mantha, ali chitsinzinire.

"Sizikupendama! Khala phee."

Thukuta linali kuyenderera m'kati mwa sokosi. Mapulani anataya kachitsulo kopanira kaja, nati awongole nsidzezo ndi manja. Anakanikiza chala chachikulu pa chikope chakumanzere, chamkombaphala pa chakumanja, n'kudikira kuti ziume. Zinauma. Atati achotse dzanja, nkhope yonse ya Chigayo inatsatira.

"Mukundikoka chifukwa chiyani?"

"Tatsegula maso pang'ono."

Chigayo anayesa. Analimbana ndi zikope, anakwinya chipumi, anayasamula, koma maso anakhala chitsekere.

"Sakutseguka, akulu."

Pa benchi paja mayi wa kuphwando uja anali kale pa foni, ndipo sankanong'ona. "Halo, Madamu? Ayi, ndangoti ndidandaule. Anyamata anu atsopanowa ndi aulemu, koma ndi ochedwa, ndipo wina akumata nsidze ndi guluu wa zikhadabo. Ee, ku saluni kwanu konkuno. Atatu. Halo? Madamu?"

"Thawa!" anakuwa Mapulani.

Kuthawa kwake kunali koti anthu a mumsewu umenewo adzakufotokozera adzukulu awo. Chigayo anadzambatuka pabedi ali wakhungu, ndipo popeza Mapulani anali wamfupi, dzanja lake lili pankhope ya mnzake, anatsala akulendewera. Chigayo anamunyamula m'khwapa ngati mtolo wa zovala n'kuyamba kuthamanga, Mapulani akuwongolera.

"Kumanzere! Kumanzere kwako, osati kwanga! Ima! Kalilole!"

Anagunda shelefu ya mafuta, mabotolo n'kumwazika. Anaponda mafutawo n'kutsetsereka mpaka m'sinki yotsukira tsitsi. Atadzuka anapeza chitseko, Mapulani anakuwa kuti ndi chomwecho, Chigayo anachiswa ndi phewa, ndipo onse awiri anapezeka ali m'chimbudzi. Azimayi aja, amene tsopano anali atazindikira mtundu wa antchito atsopanowa, anakankhira benchi pachitsekopo n'kukhalapo onse, ena akupitiriza magazini awo.

Madamu anafika ndi apolisi awiri ali wefuwefu, atavala masilipasi osiyana. Kadzidzi anavuta kumupeza pang'ono. Anali atavala wigi n'kukhala pansi pa makina oumitsira tsitsi kuti aoneke ngati kasitomala, koma kamphepo kofunda kaja kanamukomera, ndipo apolisi anangotsatira mkonono.

Atatulutsa awiri a m'chimbudzi aja, Madamu sanayang'ane shelefu yosweka kapena thumba la mawigi. Anayandikira Chigayo, anakonza magalasi ake, n'kuyang'anitsitsa chibulu cha nsidze, guluu ndi zala chimene chinali pamene panali ntchito yake.

"Bambo inu," anatero, "ndinakuuzani kuti osazikoka."

"Ndinasamala, Madamu," anatero Chigayo. "Mulungu ndi mboni, ndinasamala."

Ku polisi anawakhazika pa benchi ya m'khonde, chifukwa wapolisi wa pakauntala anakana kuwalemba asanadziwe ngati ali munthu mmodzi kapena awiri. Unyolo sanavutike nawo. Anatumiza uthenga kwa namwino kuti abwere ndi mafuta ndi madzi ofunda adzawalekanitse, koma namwino anali ndi odwala enieni, ndiye anati adikire. Kadzidzi anali kale m'chitokosi, akupitiriza tulo take. Dzuwa linapendeka. Mapulani anakhala atakweza dzanja ngati mwana wa sukulu wofuna kuyankha funso, mkono utachita dzanzi.

Chigayo anamva mapazi akubwera m'khondemo ndipo anawadziwa. Anamvanso fungo la sopo amene ankamudziwa. Anakhala tsonga, n'kuyamba kukonza kolala ya shati.

"Ndinafika kunyumba," anatero mkazi wake. "Ndapeza mwasesa, mwachapa makatani. Ndinakhala pa mpando uja kudikira, mpaka aneba anandiuza kumene muli."

"Mayi, ndikhoza kufotokoza."

"Ndinabwera ndi chikwama changa, bambo. Sindinabwere kudzangoona."

Sanaseke. Chigayo akanalolera kupereka dzanja kuti amve kuseka kuja, ngakhale kukhale komuseka iye, koma m'khondemo munali zii. Mayiyo anaima kutsogolo kwake n'kumuyang'ana kumaso nthawi yaitali, monga mmene mwamunayo ankafunira zaka zonsezi, ndipo Chigayo sanaone chilichonse. Kenako anawerama, ananyamula chikwama chake, navula nsapato kuti zisagogode, n'kutuluka.

Mapulani anaona zonsezi kudzera pansi pa mkono wake. Anatsegula pakamwa kuti anene, koma Chigayo anali atayamba kale kulankhula.

"Mayi, ndikudziwa kuti ndakuchititsani manyazi. Sindikupempha kuti mundikhululukire lero. Koma masiku apitawa ndimadzuka m'mawa ndili ndi chinthu choti ndisamale, ndipo ndinaona kuti ndimatha. Ine ndinkayesa manja angawa amangodziwa kuswa. Ndikatuluka muno ndikafuna ntchito, ngakhale yonyamula matumba. Ndizibwera kunyumba dzuwa lisanalowe. Simudzayang'ananso khoma polankhula nane, ndikulonjeza."

Analankhula nthawi yaitali, mawu abwino kuposa onse amene anawalankhulapo chibadwire, akuwauza mopu ndi chidebe zimene zinatsamira khoma la kutsogolo kwake. Wapolisi wa pakauntala anasiya kulemba n'kuyang'ana kumbali. Atamaliza, Chigayo anadikira yankho. Litachedwa, anapendeketsa mutu n'kunong'oneza munthu amene anamatirira pankhope yake.

"Akulu, akundiyang'ana?"

Mapulani anayang'ana khomo lopanda munthu lija.

"Akukuyang'ana, aise," anatero. "Pitiriza."